Jini ya thonje: tanthauzo la mawuwa ndi zimene makinawo amachita

Thonje likamachoka m'munda, zoposa theka la kulemera kwake zimakhala njere. Timaulusi toyera timene fakitale ya nsalu imafuna timamera pa khungu la njerezo. Kalikonse ndi selo imodzi yokha imene yatalika mpaka masentimita awiri, atatu kapena kuposerapo, ndipo pa njere imodzi pamakhala timaulusi pakati pa 10,000 ndi 20,000. Palibe angapote ulusi njere zili momwemo. Ntchito yolekanitsa ziwirizi ndiyo ili m'mawu akuti jini.

Mawuwa ndi a Chingerezi, gin, chidule cha engine, kuyambira kale pamene liwulo linkatanthauza chipangizo chilichonse chogwirira ntchito. Alibe ubale ndi chakumwa chaukali chija chimene dzina lake limamveka chimodzimodzi. Pa ntchito ya thonje amatanthauza zinthu zitatu. Akhoza kutanthauza makina amodzi okha, aja amene amazula timaulusi pa njere. Akhoza kutanthauza jinale yonse, kuyambira paipi yoyamwa thonje m'galimoto, makina oumitsa ndi oyeretsa, mpaka podindira mabelo. Amatanthauzanso ntchito yeniyeniyo, n'chifukwa chake pa zikalata za malonda pamalembedwa kuti thonje ndi saw-ginned kapena roller-ginned, ndiye kuti linadutsa pa macheka kapena pa rola. Munthu akanena kuti jini yake imatulutsa mabelo 30 pa ola, mufunseni ngati akunena makina amodzi kapena jinale yonse, chifukwa jinale imodzi imatha kukhala ndi makina atatu, anayi, mwinanso makumi angapo. Thonje lisanalowe m'makina limatchedwa thonje la njere. Likatuluka lopanda njere ndi linti.

Chipangizo chakale kwambiri chinali chamanja: ndodo yachitsulo yogubuduza pa mwala wosalala kuti njere zifinyikire kunja. Zojambula za m'mapanga a Ajanta ku India, za m'zaka za m'ma 400, zimaonetsa chipangizo chotere. Pambuyo pake ku India komweko kunafala churka, ndodo ziwiri zozungulira moyang'anizana zimene zimakoka timaulusi n'kusiya njere. Churka inkagwira bwino pa thonje la njere zosalala, koma inkalephera pa thonje la njere zaubweya limene timaulusi take timamatirira zolimba. Thonje limenelo ankalitola njere ndi zala, ndipo munthu ankatha tsiku lonse kuti apeze theka la kilogalamu. Mu 1793 Eli Whitney anapanga ku Georgia, m'dziko la America, makina okhala ndi mano a waya okokera timaulusi pa mipata yopapatiza, ndipo analandira chiphaso cha umwini mu 1794. Makinawo ankayeretsa makilogalamu pafupifupi 23 pa tsiku. Mu 1796 Hodgen Holmes anaika macheka ozungulira m'malo mwa wayayo, ndipo mpangidwe umenewu ndi umene ulipo mpaka lero. Zotsatira zake zinali zowawa: kuchotsa njere kutaphweka, minda ya thonje inakula, ndipo akapolo ku America anachoka pa 700,000 mu 1790 n'kufika pafupifupi 4 miliyoni mu 1860.

Mmene jini ya macheka imagwirira ntchito

Pa shafiti imodzi amalowetsapo macheka ozungulira ambirimbiri, pa makina akuluakulu amakono amayandikira 200. Kukula kwake ndi masentimita 30 mpaka 46 kuchoka mbali ina kufika inzake, ndipo kuchindikala kwake ndi pafupifupi milimita imodzi. Pakati pa macheka awiri alionse pali chitsulo chopindika chimene amisiri amachitcha nthiti. Mpata wa pakati pa nthiti ziwiri, pamalo pamene mano amadutsira, ndi pafupifupi mamilimita atatu. Macheka ndi timaulusi timene akola zimadutsapo, koma njere singadutse.

Thonje limagwera m'bokosi la kutsogolo kwa nthitizo. Macheka akamazungulira, mano ake amakola timaulusi n'kutikokera kuseri, njere n'kutsala kuno. Kukoka komweko kumazunguza thonje lonse la m'bokosimo n'kukhala mpukutu umodzi wozungulira. Njere simayera ulendo umodzi. Imazungulira mumpukutumo, macheka akuimwetula pang'onopang'ono, mpaka itatha timaulusi n'kugwera pansi. Kuseri kwa nthiti kuli bulashi yothamanga kuposa macheka, kapena pa makina ena mphepo yamphamvu, imene imasesa linti pa mano.

Woyendetsa makina wodziwa ntchito maso ake amakhala pa mpukutuwo ndi pa njere zimene zikugwa. Mpukutu ukalimba kwambiri, chifukwa chothira thonje lochuluka pofuna mabelo ambiri pa ola, njere zimasweka, tizidutswa ta khungu lake timapita m'linti, ndipo timaulusi timathyoka. Ukafewa kwambiri umatha kuduka n'kusiya kuzungulira. Njere zikamagwa zili ndi michira ya timaulusi tatitali, ndalama zikupita ndi njerezo: mwina njere zikutulutsidwa msanga, mwina mano abuntha, mwina thonje lanyowa. Mmisiri amatapa njere dzanja limodzi, n'kuziyang'ana powala, ndipo amadziwa chimene chavuta asanatsegule chilichonse.

Zambiri zimene zimaononga linti pano ndi za kutha kwa zitsulo. Nthiti zikaperepeseka, mpata umakula ndipo njere zazing'ono zimalowa n'kuphwanyika. Macheka opindika amakhula nthiti n'kumadula timaulusi, vuto limene ogula amalitcha gin-cut, ndipo belo lotere limagwa mtengo kwambiri. Bulashi ikatha kapena ikatalikirana ndi macheka, linti imatsalira pa mano, imabwerera mumpukutu, imadutsanso pa nthiti kachiwiri n'kuduka. Ikaunjikana pamwamba pa nthiti imatentha chifukwa cha kukhulana, ndipo moto wa m'jinale umatha kuyambira pamenepo.

Jini ya rola ilibe mano. Ili ndi rola yokutidwa ndi chikopa kapena ndi nsalu yolimba yosakaniza ndi labala, ndi mpeni wosayenda wopanikizidwa pa rolayo. Timaulusi timamata pa rola n'kulowa pansi pa mpeni, njere imaima pa mpenipo, kenako mpeni wachiwiri woyenda umaikankha mpaka itasiyana ndi timaulusi take. Mpangidwe uwu ndi wa Fones McCarthy, wa mu 1840. Thonje la timaulusi tatitali kwambiri, mamilimita 35 kapena kuposa, monga Pima ndi la ku Egypt, lomwe ndi mtundu wa Gossypium barbadense, limadutsa pa rola chifukwa njere zake n'zosalala ndipo kutalika kwa timaulusi ndi kumene kumaligulitsa. Gossypium hirsutum, lomwe ndi pafupifupi 90 peresenti ya thonje la padziko lonse, lambiri limadutsa pa macheka, ngakhale kuti ku India ndi m'mayiko ena a kum'mawa kwa Africa limadutsanso pa makina a marola awiri. Rola imasunga kutalika kwa timaulusi ndipo sipanga timfundo tambiri, koma ndi yochedwa: makina amodzi a marola awiri amatulutsa makilogalamu osafika 100 pa ola, pamene a macheka aakulu amatulutsa matani awiri kapena atatu. Siyeretsanso kwenikweni, moti linti yake imaoneka yamibulu ndi yazitsotso. Ngalande zimene amasema pa chikopa zimafufutika ndipo zimafuna kusemedwanso, komanso mipeni iwiri ija iyenera kupitirirana molingana ndi kutalika kwa timaulusi ta thonje limene likudutsa. Akalakwitsa pamenepo njere zimasweka kapena zimatuluka zisanayere.

Chinyezi

Pa zonse zimene mwini jinale angasinthe, chinyezi ndicho chimalamula. Thonje lili ndi khalidwe losiyana ndi ulusi wina wambiri: likakhala ndi chinyezi limalimba, likauma limafooka. Mphamvu imene imafunika kuzula kaulusi pa njere ndi yocheperapo kuposa imene imafunika kukadula, ndipo jini yonse imadalira kusiyana kumeneku. Thonje likauma kwambiri kusiyanako kumachepa, ndiye timaulusi tambiri timaduka pakati m'malo mozuka pa njere.

Mlingo umene akatswiri amalimbikitsa ndi chinyezi cha 6 mpaka 7 peresenti m'timaulusi pofika pa macheka. Chikatsika pansi pa 5, timaulusi timathyoka ngati udzu wa m'chilimwe, ndipo timayamba kumata pa zitsulo chifukwa cha magetsi obwera ndi kukhulana, mapaipi n'kumatsekeka. Linti youma imavutanso kudinda: imafufuma, imafuna mphamvu yambiri, ndipo mawaya omangira belo amaduka. Chikakwera kupitirira 8, zinyalala zimakakamira, thonje limayenda m'mibulu, makina amatsamwa, ndipo linti imatuluka yopotanapotana.

Vuto ndi lakuti thonje louma limayera mosavuta. Masamba ndi fumbi zimayoyoka msanga, linti imaoneka yoyera bwino, ndipo komwe mtengo umadalira kwambiri maonekedwe, mwini jinale amakopeka kukweza moto wa makina oumitsa. Wopota ulusi ndiye amadzalipira, chifukwa linti yotero imakhala ndi timaulusi tatifupi tambiri, tija tosafika mamilimita 12.7, timene timathothoka ngati zotaya kapena kuchititsa ulusi kukhala wamanyunyu ndi wosalimba. Mpweya woumitsira usapitirire madigiri 177 pamalo pamene ukukumana ndi thonje, ndipo ndi bwino kuumitsa kawiri ndi moto wochepa kusiyana ndi kamodzi ndi moto waukulu. Choyezera kutentha chiziikidwa pafupi ndi pokumanirapo. Chikaikidwa kutali chimaonetsa nambala yotsika pamene thonje lapsa kale. Majinale abwino amaumitsa kuti ayeretse, kenako amabwezera chinyezi ndi mpweya wonyowa thonje lisanafike pa macheka.

Nkhani ya chinyezi imayamba thonje lisanafike n'komwe pa jinale. Thonje la njere losungidwa mulu lili ndi chinyezi choposa 12 peresenti limatentha m'kati, limasanduka lachikasu, ndipo njere zake zimaonongeka moti sizimera bwino ndipo mafuta ake amatsika. Kuthira madzi kuti lilemere pa sikelo kumapha thonje lonselo.

Kuyeretsa nakonso kuli ndi malire. M'jinale yolandira thonje lokololedwa ndi makina, thonje limayamba ladutsa pa msampha wa miyala ndi zipatso zosakhwima, kenako choumitsira, makina opuntha fumbi ndi masamba, makina ochotsa timitengo ndi makoko, choumitsira china, kuyeretsanso, kenako jini yeniyeni. Pambuyo pa jini pali makina oyeretsa linti, omwenso ali ndi mano a macheka amene amamenyetsa linti pa zitsulo zakuthwa kuti zitsotso zigwe. Makina oyeretsa lintiwa ndi amene amaononga kwambiri. Ulendo uliwonse umachotsa zinyalala, koma umatayanso linti yabwino, umafupikitsa timaulusi, ndipo umachulukitsa timfundo tija totchedwa neps, timaulusi topotana tokha n'kumanga kamfundo. Timfundo timeneti timachokera makamaka ku timaulusi tosakhwima, ndipo pa nsalu yonyikidwa mu utoto timaoneka ngati timadontho toyera chifukwa sitimwa utoto mofanana ndi tinzake. Kudutsitsa linti kamodzi kapena kawiri kumakwana. Kachitatu nthawi zambiri n'kutaya. Ndipo chinyalala chilichonse chimene chingachoke thonje lisanafike pa macheka chichoke pamenepo, chifukwa tsamba likalowa pa macheka limanyenyeka tizidutswa tambirimbiri tovuta kuchotsa.

Thonje lothyoledwa ndi manja limafika loyera ndipo silifuna makina onsewa. Mdani wake ndi wina: tizingwe ta matumba a pulasitiki, tsitsi, nthenga ndi nsanza. Macheka amang'amba kachingwe kamodzi ka pulasitiki n'kukhala tizidutswa mazana, ndipo palibe makina a m'jinale amene amatisiyanitsa bwino ndi linti. Timakaonekera pa nsalu yomalizidwa. N'chifukwa chake amati thonje lizithyoledwera ndi kunyamulidwira m'matumba a nsalu ya thonje, ndipo majinale ena amaika anthu otola zinyalalazi ndi manja thonje lisanayamwidwe. Palinso thonje lomata, lokhala ndi manyuchi osiyidwa ndi nsabwe za m'masamba kapena ntchentche zoyera. Pa macheka limatha kudutsa osadziwika, koma pa rola limakakamira, ndipo ku fakitale yopota ulusi limaimitsa makina.

Apa ndi pamene tanthauzo la jini liyenera kumveka bwino. Jini siwonjezera kutalika kwa kaulusi, kulimba kwake kapena kukhwima kwake. Zimenezo zimachokera ku mtundu wa mbewu ndi m'munda. Makina oyezera linti otchedwa HVI akapereka nambala ya micronaire, imene imasonyeza kuchindikala ndi kukhwima kwa timaulusi ndipo msika umaifuna pakati pa 3.5 ndi 4.9, jinale ilibe nazo zambiri. Koma kutalika, kufanana kwa timaulusi, timfundo ndi kuchuluka kwa zinyalala zimasonyeza mmene makina anayendetsedwera. Thonje limodzi lomwelo likagawidwa ku majinale awiri likhoza kutuluka magiredi awiri.

GOT, njere ndi belo

Mawu ena amene amabwera ndi jini ndi GOT, chidule cha ginning outturn, kuchuluka kwa linti imene yatuluka poyerekeza ndi thonje la njere limene linalowa. Thonje lothyoledwa ndi manja limapereka pakati pa 33 ndi 42 peresenti, malinga ndi mtundu wa mbewu. Lokololedwa ndi makina opulula chilichonse, makoko ndi timitengo tomwe, limatha kutsika kufika cha m'ma 25, osati chifukwa linti ndi yochepa koma chifukwa cholowacho chinali ndi zinyalala zambiri. Tiyerekeze kuti makilogalamu 1,000 alowa, n'kutuluka linti 380, njere 560, ndipo 60 yapita ndi zinyalala ndi chinyezi. GOT pamenepo ndi 38. Kusiyana kwa nambala imodzi kumaoneka kochepa, koma pa matani 10,000 a thonje la njere ndi matani 100 a linti, mabelo oposa 450 a makilogalamu 218. Wogula thonje la njere amawerengera mtengo wake kuchokera pa nambala imeneyi, ndipo obereketsa mbewu amailimbikira kwambiri. Komabe GOT yokwera payokha siuza munthu zonse. Ikhoza kukwera chifukwa linti sinayeretsedwe mokwanira, kapena chifukwa mabelo anathiridwa chinyezi pomaliza. Kuti ziwerengero za majinale awiri zifanane, chinyezi cha cholowa ndi chotuluka chiyenera kudziwika.

Njere zotuluka pa macheka, zimene pa malonda amati gin-run, zimakhalabe ndi ubweya waufupi wotuwa umene jini sikola. Ubweya umenewu ndi linters, ndipo si linti. Amaumeta ndi makina ena a mano ang'onoang'ono ku fakitale ya mafuta, ndipo umapangira mapepala olimba, thonje la kuchipatala, ndi mankhwala a cellulose olowa m'mapulasitiki ndi m'wonga wa mfuti. Pa kulemera kwa njere zikafinyidwa, pafupifupi 16 peresenti ndi mafuta, 45 ndi zotsalira zodyetsa ziweto, kotala ndi makoko, ndipo linters ndi pang'ono pansi pa 10. Zotsalirazo zili ndi gossypol, poizoni amene ng'ombe zazikulu zimapirira pa mlingo woyenera, koma nkhumba, nkhuku ndi ana ang'ombe sizipirira.

Njere za mbewu zimafuna kusamala kwina. Makina amasesedwa onse mtundu wina usanalowe, amayendetsedwa pang'onopang'ono ndi mpukutu wofewerapo kuti khungu lisang'aluke, ndipo nthawi zambiri ubweya uja amauwotcha ndi asidi kuti njere ziyende bwino m'makina odzalira ndiponso matenda okhala pa ubweyawo afe. Njere yong'aluka ikalowa mu asidi imafa.

Linti ikachoka pa zoyeretsera imapita podindira. Belo lilibe kulemera kumodzi padziko lonse. Ku America ziwerengero zimatenga belo la mapaundi 480, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 218, pamene ku India belo ndi makilogalamu 170, choncho chiwerengero cha mabelo chopanda dzina la dziko chimasocheretsa. Ku America belo lililonse limakhala ndi nambala yake ya manambala 12: asanu oyamba ndi a jinale, asanu ndi awiri otsatira ndi a belolo, moti vuto lopezeka ku fakitale ya nsalu limatha kulondoledwa mpaka ku jinale imene linachokera. Kubwezera chinyezi pang'ono linti isanadindidwe kumathandiza makina odindira, koma paliponse m'belo chisapitirire 7.5 peresenti. Kupopera madzi mosasamala kumasiya malo onyowa m'kati, ndipo pakatha miyezi belo limatsegulidwa lili lachikasu kapena lankhungu.

Mwala, msomali kapena machesi zikalowa ndi thonje n'kugunda macheka, kamoto kamayenda ndi linti m'paipi n'kukadindidwa m'kati mwa belo. Mmenemo mpweya ndi wochepa, ndiye sikayaka malawi. Kamanyeka mwakachetechete kwa masiku, nthawi zina kupitirira sabata, kenako kamatulukira belo lili kale m'nyumba yosungira pakati pa anzake kapena pa galimoto. Fungo la kupsa likamveka kapena moto ukaoneka m'makina, belo limene linali kudindidwa nthawi imeneyo, pamodzi ndi lam'mbuyo ndi lotsatira, amalilemba chizindikiro n'kuliika panja patali ndi ena kwa masiku angapo, akuligwiragwira ngati likutentha. Maginito ndi msampha wa miyala uja ziyenera kutsukidwa pa shifiti iliyonse, ndipo fumbi la linti lounjikana pa mamota ndi pa denga lisesedwe, chifukwa ndilo limanyamula moto kuchoka pa makina amodzi kukafika nyumba yonse. Fumbi lomwelo likapumidwa zaka zambiri limabweretsa matenda a m'mapapo otchedwa byssinosis, amene amayamba ndi kubanika pachifuwa tsiku loyamba kubwerera ku ntchito, choncho mafani okoka fumbi ndi zotchinga pakamwa ndi pamphuno ndi mbali ya makinawo.